Bwezani £237 yanga, nambala yolakwika munalemba ndinu

Inu a kampani yobwereketsa magalimoto, kalata ya Chingerezi ndakutumizirani kawiri pa imelo koma muli chete. Iyi ndalemba m'Chichewa patsamba lanu lomweli kuti abale anga amene amabwera kuno ku Britain n'kudzabwereka galimoto kwa inu aione. Mwadula £237 pa khadi langa ponena kuti sindinalipire podutsa pa Dartford. Ndinalipira, ndipo lisiti ndili nalo.

Anzanga amene simunayendepo, pa Dartford pali chonchi. Ukamatsata msewu wa M25 wozungulira London n'kufika pa mtsinje wa Thames chakum'mawa kwa mzindawu, opita kumpoto, kuchoka ku Kent kulowa ku Essex, amalowa m'tanelo pansi pa madzi. Obwerera kummwera amakwera mlatho wa Queen Elizabeth II. Si ngati pa Chingeni pamene umaima, kutsitsa galasi n'kupereka ndalama pamanja. Tinyumba tolipirirapo anatichotsa mu 2014. Makamera amangowerenga nambala ya galimoto ikudutsa, iwe n'kukalipira wekha ndalama yodutsira yotchedwa Dart Charge pa intaneti, pa foni kapena m'sitolo ya Payzone, isanakwane 12 koloko usiku wa tsiku lotsatira. Kuyambira September 2025 galimoto yaing'ono ndi £3.50 podutsa kamodzi, kupita kwake, kubwera kwake, ndipo kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa n'kwaulere. Ukaphonya, chindapusa ndi £70 pamwamba pa £3.50 ija. Chimatsika kufika pa £35 ukalipira m'masiku 14, chimakwera kufika pa £105 pakadutsa masiku 28. Kalata yake imapita kwa mwini galimoto amene ali m'kaundula wa DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto, ndiye kuti kwa inu, osati kwa woyendetsa.

Zonsezi ndinkazidziwa. N'chifukwa chake tsiku lomwe ndinalowa m'tanelo m'mawa n'kubwerera pa mlatho madzulo, ndinalipira £7 usiku womwewo ndisanagone. Nambala ndinaikopera pa pepala la mgwirizano limene munandisainitsa pa kauntala. Apa ndi pamene panagona nkhani. Galimoto yoyamba imene munandipatsa inkayatsa getsi la matayala, ndiye mnyamata wanu anandisinthira ina ya mtundu womwewo, yotuwa chimodzimodzi, nati pepala akonza mu kompyuta. Sanakonze. £7 yanga inapita pa nambala ya galimoto imene inatsala pabwalo panu, pamene makamera anajambula imene ndinali nayo. Dart Charge siyang'ana dzina la munthu kapena khadi, imayang'ana nambala basi.

Wina anena kuti ndikanatuluka panja kukayang'ana puleti. Ndi zoona, ndipo anzanga, mukabwereka galimoto jambulani puleti ndi foni musanailize, muifananize ndi pepala chilembo ndi chilembo. Koma pepala lokhala ndi chidindo chanu ndi dzina la wantchito wanu likanama, wolipira bodzalo akhale kasitomala?

Tiwerengere limodzi. Makalata a chindapusa anabwera awiri, imodzi ya tanelo, ina ya mlatho. Mukanalipira m'masiku 14 ikanakhala £38.50 iliyonse, yonse £77. Munawasunga mu ofesi mpaka masikuwo anadutsa, n'kulipira £73.50 kawiri, ndiyo £147. Pamwamba pake mwaikapo £45 pa kalata iliyonse, imene mukuitcha ya ntchito ya mu ofesi, ndiyo £90. Yonse £237. Ntchito yake iti, poti ngakhale foni imodzi simunandiimbire? Nambala yanga ndi imelo zili pa pepala lomwelo.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'choti munanditsekera njira yodandaulira. Kampani yobwereketsa ikalandira kalata yotere ikhoza kutumiza dzina la wobwereka ndi pepala la mgwirizano, mlandu n'kusamukira kwa iye. Pamenepo munthu amakhala ndi masiku 28 olemba kukana, ndipo akamukanira amatha kukachita apilo ku bwalo loima palokha la Traffic Penalty Tribunal. Ndikanangoonetsa lisiti la £7 la tsiku lomwelo ndi pepala lanu lolakwikalo. Inu munangolipira osandifunsa, ndipo chindapusa chikalipiridwa nkhani imatengedwa kuti yatha.

Sabata yatha, kapena inzake ija, ndinakwera sitima ya £18.60 kubwera pa nthambi yanu ya pafupi ndi bwalo la ndege, chifukwa wa pa foni anati nkhani zotere zimathera komwe unatengera galimoto. Ndinaima pamzere mphindi makumi anayi. Nditafika kutsogolo ndinayala mapepala atatu pa kauntala: mgwirizano, lisiti ndi sitetimenti ya ku banki. Mayi amene anali pamenepo sanawagwire n'komwe. Anawakankha ndi nsonga ya cholembera, maso ali pa kompyuta, n'kunena mokweza kuti mzere wonse umve kuti ngati sindidziwa malamulo a misewu ya kuno ndikanakwera basi. Nditapempha kuonana ndi bwana, anati watuluka. Nditapempha dzina lake, anatembenuza baji ya pachifuwa n'kuitana munthu wotsatira. Ndinatola mapepala anga anthu akundiyang'ana ngati wakuba. Abale, munthu wobwera ndi umboni m'manja amalandiridwa chonchi? Ndipo inu nonse mukudziwa mmene mapaundi amavutira kupeza kwathu, kuti £237 ifike pa khadi munthu umakhala utapondaponda ku banki kangati.

Ndikufuna mundibwezere £237 pa khadi lomwelo, ndi £18.60 ya ulendo umene munandiyendetsa pachabe, yonse £255.60. Munditumizirenso makope a makalata awiri a chindapusa aja, oonetsa tsiku limene analembedwa ndi tsiku limene munalipira, komanso mgwirizano wokonzedwa wokhala ndi nambala ya galimoto imene ndinayendetsadi. Musandiyankhe pansipa kuti ndikulembereni ku inbox. Ndalemba kale kawiri.

Ndakupatsani masiku 7. Akatha ndipita ku banki yanga kukatsutsa ndalama imene munadulayo kuti aibweze mokakamiza, ndipo dandaulo lonse ndi mapepala ake ndilipereka ku BVRLA, bungwe la makampani obwereketsa magalimoto limene chizindikiro chake munachimata pachitseko chanu. Zithunzi za mgwirizano ndi lisiti ndiziika pano, komanso m'magulu onse a WhatsApp a Amalawi a ku Britain amene ndilimo. Ngati pali wina amene anadulidwapo ndalama ya Dartford atalipira kale, alembe m'munsimu kuti anamudula zingati, tikapereke limodzi.