Malire a malipiro asatseke anthu ogwira ntchito kunja kwa nyumba za boma

Akonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Diepsloot, kumpoto kwa Johannesburg, komwe ndimakhala pogwira ntchito yosamalira maluwa kunyumba za anthu. Nkhani ya nyumba zotsika mtengo ikabuka kwathu, pamapezeka ena onena kuti Malawi angotengera nyumba za RDP za kuno ku South Africa, zomwe boma limamangira anthu osauka mwaulere. Nyumbazo n'zabwino ndithu, mabanja ambiri anachoka m'zisakasa chifukwa cha izo. Koma pali lamulo limodzi lomwe sindikufuna kuti tidzalitengere.

Kuti boma likupatse nyumba ya RDP, malipiro ako ndi a mwamuna kapena mkazi wako, mukawaphatikiza, asapitirire R3,500 pamwezi. Malire amenewa anaikidwa kumayambiriro kwa ndondomekoyi, m'ma 1994, ndipo mpaka lero sanasunthe. Nthawi imeneyo R3,500 inali ndalama. Malipiro otsikitsitsa omwe boma lomwelo linakhazikitsa mu 2025 anali R28.79 pa ola, kutanthauza kuti wogwira maola 8 patsiku, masiku asanu pasabata, ankalandira pafupifupi R5,000 pamwezi. Ndiye kuti mlonda, wantchito wa m'nyumba, wosesa m'sitolo, onsewa pamaso pa lamuloli ndi anthu opeza bwino.

Ineyo nyumbazi sizindikhudza, n'za nzika ndi okhala ndi chilolezo chokhazikika. Zimandiwawa chifukwa cha mayi wina woyandikana naye, mbadwa ya konkuno, yemwe amachapa ndi kusita kwa mabwana ake ku Fourways. Ali ndi ana atatu m'chipinda chimodzi cha malata. Mvula ikagwa amakweza matilesi pamwamba pa makireti a zakumwa, ana n'kugona chokhala. Abwana ake atamuwonjezera malipiro, m'malo mosangalala anabwera kwa mkazi wanga akulira, ati dzina lake lichotsedwa pamndandanda womwe wakhala akudikirira zaka zonsezi. Munthu kulira chifukwa chokwezedwa malipiro! Ndikudziwanso awiri omwe akhala limodzi zaka zambiri koma safuna kukalembetsa ukwati, poopa kuti malipiro awo akaphatikizidwa adutsa malire.

Akuti opeza pakati pa R3,501 ndi R22,000 ali ndi thandizo lawo, lija ankati FLISP, lomwe pano likutchedwa First Home Finance. Inde lilipo, koma boma limangowonjezera pa ndalama zomwe wapeza wekha, kawirikawiri ngongole ya kubanki. Nanga ndi banki iti yomwe ingabwereke munthu wa R5,000 ndalama zogulira nyumba? Mayiyu watsala ngati mleme, kwa mbalame akumukana, kwa mbewa akumukananso.

Kwathu vutoli lingakule koposa apa, chifukwa kwacha imagwa msanga kuposa randi. Mu Novembala 2023 mokha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Malire olembedwa m'makwacha chaka chino, chaka chamawa adzakhala opanda tanthauzo. Komanso anthu ambiri ku Ndirande, ku Mtandire kapena kwa Chinsapo alibe pepala la malipiro. Wakabaza kapena mayi wogulitsa mandasi adzaonetsa chiyani? Pa sabuside ya malata ndi simenti yomwe inayamba mu 2014 mayina ankalembedwa m'midzi, komwe anthu amadziwana. M'tauni sizingatheke choncho, padzafunika muyeso, ndipo muyesowo ndi umene ndikudera nawo nkhawa.

Pempho langa kwa aphungu athu, a unduna woona za malo ndi nyumba komanso a Malawi Housing Corporation ndi ili: mukamaika malire, amangirireni ku malipiro otsikitsitsa kuti zizikwera limodzi. Muziwerengeranso kuchuluka kwa anthu odya pakhomopo, chifukwa wa ana asanu sangafanane ndi mbeta. Ndipo wodutsa malire pang'ono muzimuchepetsera thandizo, osamufufuta pamndandanda.

Ndine wowerenga wanu,
Diepsloot, Johannesburg