Tilembereniko za Yu Gwan-sun

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pang'ono. Nkhani za ku Korea zimene timawerenga m'nyuzipepala nzokhudza mafoni, magalimoto ndi mizinga ya ku North Korea basi. Za mmene dzikolo linazunzikira pansi pa atsamunda a ku Japan kuyambira 1910 mpaka 1945, zii.

Ndani mwa ana athu amamudziwa Yu Gwan-sun? Anali mtsikana wa zaka 16, wophunzira pa sukulu ya Ewha ku Seoul, pamene anthu anakhamukira m'misewu pa 1 Malichi 1919 kufuna ufulu wodzilamulira. Atsamunda atatseka masukulu, iye anabwerera kwawo ku Cheonan n'kumayenda mudzi ndi mudzi kumemeza anthu. Pa 1 Epulo, tsiku la msika ku Aunae, chikhamu chinasonkhana chitanyamula mbendera za Korea. Asilikali a atsamunda anayamba kuwombera, anthu 19 n'kufa, kuphatikizapo bambo ndi mayi ake. Iye anamangidwa.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chimene anachita ali kundende ya Seodaemun. Mwana wamasiye, womangidwa kale, koma litafika tsiku la 1 Malichi 1920 anatsogolera akaidi anzake kufuula mawu a ufulu m'zitolokosi momwemo. Anamumenya ndi kumuzunza koopsa, ndipo anamwalira pa 28 Seputembala 1920 ali ndi zaka 17 zokha. Lero ndendeyo anaisandutsa malo osungirako mbiri yakale.

Chonde, a Mkonzi, patsamba lanu la achinyamata lija mupezepo danga la mbiri yake. Zithunzi za oimba zingodikirako sabata imodzi.

Wowerenga wanu,
Zomba