Lipoti la msonkhano wa za obwera ndi chithandizo cha boma

Apampando ndi mamembala nonse a gulu lathu la Amalawi ogwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku UK, ndinakafika kumsonkhano wa akatswiri ofufuza za ndale umene munandituma uja. Ambiri anali aphunzitsi a m'mayunivesite, ife antchito tinali owerengeka.

Funso lalikulu linali lakuti: obwera akachuluka m'dziko, kodi eni dziko amasiya kufuna kuti boma lizithandiza osauka? Chimene chinandikhudza ndi kafukufuku wa Alberto Alesina, Armando Miano ndi Stefanie Stantcheva, amene anafunsa anthu a ku Britain, France, Germany, Italy, Sweden ndi America. Anapeza kuti anthu amayesa obwerafe ndife ochuluka kuposa mmene tilili, ndiponso amatiyesa osauka ndi odalira boma kuposa zenizeni. Amene anayamba kufunsidwa za obwera, kenako n'kufunsidwa za misonkho ndi chithandizo, anaumira kuposa anzawo amene anayamba ndi mafunso a misonkho. Kungotitchula kokha, dzanja limafota. Kuwauza chiwerengero cholondola nakonso sikunawasinthe kwenikweni maganizo, ndiye tisadalire kwambiri manambala pokangana ndi anthu kuntchito.

Zipani zodana ndi obwera masiku ano sizinena kuti chithandizo cha boma chithe. Zimati chikhalepo, koma cha eni nthaka okha. Mtsutso unakula pa za Denmark. Kumeneko boma linachepetsa chithandizo cha ongofika kumene mu 2002, mothandizidwa ndi Danish People's Party, chipani chodana ndi obwera. Chipanichi chinapeza mavoti 21 pa 100 mu 2015, koma a chipani cha Social Democrats chotsogoleredwa ndi Mette Frederiksen atatengera mfundo zake zokhwima, chinatsika kufika pansi pa 9 mu 2019. Ena anati umenewu ndi umboni woti kutengera mfundo za zipani zoterezi kumathandiza kuzifooketsa. Ena anakana, natchula kafukufuku wa Werner Krause, Denis Cohen ndi Tarik Abou-Chadi, amene atayang'ana zisankho za m'mayiko ambiri a kumadzulo kwa Ulaya anapeza kuti kutengerako nthawi zambiri sikuzichepetsera mavoti zipanizi.

Ine ndinaona kuti kaya olondola ndi ati, kwa ife lamulo limakhwimabe. Reform UK, chipani cha kuno chofuna kuchepetsa obwera, inapeza mavoti 14 pa 100 ndi aphungu 5 okha mu 2024. Koma amene analetsa osamalira okalamba atsopano kubwera ndi mabanja awo mu March 2024 ndi a boma la Conservative, ndipo amene anatseka njira yolembera antchito oterewa kuchokera kunja mu July 2025 ndi a boma la Labour.

Ndinaimika mkono n'kuwauza kuti pa viza yanga panalembedwa kuti sindiloledwa kulandira public funds, kutanthauza chithandizo cha boma, pomwe payslip yanga imadulidwa msonkho ndi National Insurance (ndalama yopita ku penshoni ndi chithandizo cha boma) mwezi uliwonse. Angapo anatola zolembera. Kuti azigwiritsa ntchito bwanji, kaya.

Ndikupempha kuti pamsonkhano wathu wotsatira tikambirane zolembetsa mavoti. Malawi ali mu Commonwealth, choncho amene tili ndi chilolezo chokhala kuno tili ndi ufulu wovota, ndipo ambiri sitinalembetse. Tikambiranenso zolembera aphungu a m'madera mwathu, aliyense afotokoze za ntchito yake ndi ana amene anawasiya kumudzi. Malisiti a sitima ndapereka kale kwa a msungichuma.