Tithandizeni kudzutsa zitsa pamalo athu ouma

Abale athu nonse akufuna kwabwino,

Ife a komiti yosamalira mitengo m'mudzi mwathu tagwada pamaso panu. Malo amene tinkadyetserako ziweto asanduka chipululu. Nthaka yauma gwa, moti mvula ikagwa madzi amangothamanga pamwamba osalowa pansi, ndipo chilimwe mphepo imaulutsa kadothi kotsalako.

Tineneretu kuti sitikupempha mbande. Pamalo otere mbande zambiri zimafa chilimwe choyamba, zotsala mbuzi n'kubudula. Mitengo yobwera nayo ili ndi mavuto ake: Prosopis amene anabzalidwa ku Baringo m'dziko la Kenya anafalikira n'kudzaza malo odyetsera ziweto ndi minga, mpaka lero anthu akuvutika kumuzula.

Chuma chathu ndi zitsa. Mtengo wachilengedwe ngati nsangu kapena mthethe ukadulidwa, mizu yake imakhalabe yamoyo pansi, ndipo chaka ndi chaka chitsa chimatulutsa mphukira zambirimbiri zomwe zimangothera m'kamwa mwa mbuzi. Mukasiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo n'kusadza, kenako n'kutchinga ndi minga, mtengo umakula msanga chifukwa mizu ilipo kale. Alimi a ku Maradi ku Niger anayamba chonchi m'zaka za m'ma 1980, ndipo njirayi yabwezeretsa mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni. Mtengo wa nsangu ndiye sitifuna n'komwe kuutaya, poti umayoyola masamba dzinja, mbewu n'kumaona dzuwa, pomwe chilimwe umapereka mthunzi ndi chakudya cha ziweto.

Pomwe palibe chitsa tikumba timaenje tosunga madzi a mvula totchedwa zaï, monga ankachitira malemu Yacouba Sawadogo, mlimi wa ku Burkina Faso. M'dzenje mumathiridwa manyowa, chiswe chimabwera n'kuboolaboola nthaka, madzi n'kupeza njira.

Kukumbako ndiye nkhani, chifukwa khasu wamba limangodumpha panthaka imeneyi. Tikupempha mapiki, mafosholo ndi mawilibala, komanso zikwanje zakuthwa ndi waya wa mpanda. Amene muli ndi khola, ngolo imodzi ya manyowa si yochepa ayi. Ngati palibe chopereka, bwerani ndi manja anu. Eni mbuzi tikukupemphani mwapadera kuti muziweta kutali ndi pomwe tatchinga.

Maenje ayenera kukhala atakumbidwa mvula yoyamba isanagwe. Thandizo lililonse liperekedwe kwa mlembi wa komiti, amene adzalilemba m'buku n'kuliwerenga pamsonkhano wa mudzi.

Ndife anu,
Komiti yosamalira mitengo