Kalata yochokera ku Carlisle: za galu uja ndi nyanja ya Derwentwater

Aise,

Uthenga wako wamawu uja ndaumva, ndipo theka lake kunali kuseka kokhakokha. Ukuti chithunzi ndinaika pa WhatsApp chija chafika mpaka kwa amalume ku Nkhotakota, ndipo akufunsa ngati kuno ndinalembedwa ganyu yoyendetsa agalu a azungu. Ukawauze kuti ntchito ikadali yomwe ija ya kuchipatala. Galuyo ndi wa ana. Anandikakamira mpaka ndinagonja, koma tsopano kukazizira onse amakhala ndi homuweki, woyenda naye ndimakhala ine.

Wafunsa kuti madzi akuoneka kumbuyo kwangawo ndi a kuti. Ndi nyanja yotchedwa Derwentwater, pafupi ndi tauni ya Keswick, m'dera la Lake District kumpoto chakumadzulo kwa England. Kuchokera kuno ku Carlisle pagalimoto sipatha ola. Derali analisandutsa paki yotetezedwa mu 1951, ndipo mu 2017 a UNESCO analiika m'kaundula wawo wa malo ofunika padziko lonse. Iwe wokulira kunyanja usandiseke ndikati nyanja: m'litali ndi makilomita osakwana 5, pozama kwambiri ndi mamita 22 okha, ndipo ukaima tsidya lino umaona nkhosa zikudya tsidya linalo. Ubwino wa kuchepako ndi wakuti umatha kuizungulira yonse wapansi. Njira yake ndi ya makilomita pafupifupi 16, yambiri ili pathyathyathya, ndipo munthu wosathamanga, wopumira apo ndi apo, amanyamuka m'mawa n'kubwerera dzuwa litapendeka.

Ine ndimayambira pomwe maboti amakocheza ku Keswick, nyanja ili kudzanja lamanja. Ukangoyenda pang'ono wafika pa Friar's Crag, kathanthwe kolowa m'madzi kokhala ndi mitengo ya paini, pomwe aliyense amajambulitsa. Kupitirira apo anthu amayamba kuchepa. Mbali ya kum'mawayi ili ndi vuto limodzi, njira imayandikana ndi msewu wopita ku chigwa cha Borrowdale m'malo ena, msewu wake wopapatiza, mabasi akudutsa chapafupi, ndiye galu ayenera kukhala pambali pa mwendo wako. Kumapeto kwa nyanja chakummwera, kufupi ndi mathithi a Lodore, kuli dambo lalikulu pomwe mtsinje wa Derwent umathira. Anamangapo kamlatho ndi njira ya matabwa yodutsa pamwamba pa matope. Mvula ikagwa masiku angapo motsatizana madzi amakwera n'kumiza njira yonseyo, ndipo wanzeru amangobwerera.

Kokoma kwenikweni ndi tsidya la kumadzulo, m'nkhalango ya Brandelhow. Awa ndi malo oyamba omwe bungwe losamalira malo achilengedwe ndi akale la National Trust linagula m'dera lino, mu 1902, ndi ndalama zomwe anthu wamba anasonkha. Kulibe msewu pafupi, kuli mitengo ikuluikulu ndi timagombe ta miyala pomwe galu amalowa m'madzi n'kutuluka akudzikutumula, madzi onse kuwazira iwe. Pamwamba pake pali phiri la Catbells, la mamita 451. Kwa ife amene tinakwerako ku Zomba ndi kachitunda chabe, ngakhale chakumapeto kuli miyala yofuna kugwira ndi manja, ndipo agalu a miyendo yaifupi amachita kuwanyamula. Miyendo ikakana panjira, pali maboti onyamula anthu omwe amazungulira nyanjayi akuima m'madoko angapo, monga ku Hawes End, ku Brandelhow ndi ku Lodore. Galu amakwera nawo, amakhala pansi pa benchi ngati wapaulendo wina aliyense.

Tsono pali chinthu chimene chithunzi sichionetsa. Ukamva kuti paki usaganize za Liwonde kapena Kasungu, komwe anthu anasamutsidwa n'kusiyira nyama. Kuno m'pakimu muli midzi, matchalitchi ndi mafamu, ndipo njira zambiri zomwe timayendamo zimadutsa m'busa la munthu. Lamulo lakale limalola aliyense kudutsa m'njira zimenezi, mwini malo sangatseke. Umatsegula geti, umadutsa pakati pa nkhosa zake, umatseka geti. Penapake mpanda wa miyala uli ndi timasitepe tokwerera anthu, ndipo pambali pake pali kachitseko kokweza m'mwamba kuti galu adutse pansi. Nditakaona koyamba ndinaima kaye, kuganiza kuti munthu anakhala pansi n'kukhomera galu wa mlendo khomo pa mpanda wake.

Koma ufulu umenewu uli ndi mtengo wake, ndipo amene amaulipira ndi mlimi. Nkhosa za kuno ndi za mtundu wa Herdwick, zolimba, zokhala kuphiri chaka chonse ngakhale kugwe chipale. Zimabadwa zakuda bii, zikamakula ubweya umasanduka wotuwa, nkhope n'kuyera. Kuphiriko kulibe mipanda, koma nkhosa iliyonse imadziwa dera lake chifukwa inaphunzira kwa make, ndipo sisochera. Alimi amazipaka utoto pamsana ndi kuzidula khutu mwa njira yawoyawo kuti azizindikire. Cha mu Epulo zazikazi amazitsitsira m'minda ya m'mphepete mwa nyanja kuti ziswe, momwemo momwe ife timadutsa ndi agalu athu. Galu sachita kufunika kuluma kuti awononge. Kungoithamangitsa nkhosa ya bere, imatha kupoloza kapena kufa ndi mantha, ndipo kamwana kakasiyana ndi make pa chipwirikiti kamafa ndi njala ndi kuzizira.

N'chifukwa chake lamulo la mu 2000 lomwe linatsegula mapiri kuti anthu aziyendamo momasuka linanenanso kuti m'malo oterowo, kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 31 Julayi, galu akhale pa chingwe chosapitirira mamita 2, poteteza mbalame zoikira mazira pansi. Pafupi ndi ziweto, chingwe ndi cha chaka chonse. Ndipo mlimi akapeza galu akuvutitsa nkhosa zake, popanda njira ina yomuletsera, lamulo limamuteteza ngati amuwombera, bola akanene kupolisi pasanathe maola 48. Ndimakwiya ndikaona anthu ochokera m'mizinda akumasula galu pafupi ndi chikwangwani chomwe chikuwaletsa, amvekere wanga ndi wofatsa, sanalumepo kanthu. Aliyense amatero. Wathuyu ndi wofatsadi, amagona pamapazi a mwana wamng'ono, koma akangoona nkhosa thupi lonse limanjenjemera ndipo dzina lake amaliiwala. Sindimumasula pokhapokha tili m'nkhalango kapena pagombe pomwe ndikuona mbali zonse.

Ng'ombe ndiye nkhani ina, malangizo ake ndi otembenuza. Zikakhala ndi ana zimadana ndi galu, ndipo zikayamba kukulondola akuti usiye chingwe galu athawe yekha, poti iye amathamanga kuposa ng'ombe, iwe ayi. Anthu amafa ndithu kuno popondedwa ndi ng'ombe atakakamira chingwe.

Zomwe ukufuna kumva ndikudziwa. Inde, ndimatola. Ndimayenda ndi timajumbo m'thumba la jekete, galu akadzithandiza ndimavala kajumbo kudzanja, kutola, kumanga, n'kunyamula mpaka ndipeze bini, nthawi zina mtunda wautali ndithu. Usawauze amalume zimenezi. Si ukhondo wokha, chimbudzi cha galu chimakhala ndi tizilombo tomwe timadwalitsa nkhosa ndi kupolozetsa ng'ombe zikadya udzu wa pamenepo. Chomwe sindimvetsa ndi anthu amene amatola bwinobwino, kumanga, kenako n'kupachika kajumboko pa nthambi ya mtengo.

Nyengo yotentha madzi nawo amafuna kuwayang'ana kaye. Pamabwera ndere zina zobiriwira zoyandama ngati utoto wothiridwa pamadzi, zomwe zili ndi poizoni wotha kupha galu tsiku lomwelo akamwa kapena kudzinyambita atasambira. Amaika zikwangwani zikaoneka. Nkhupakupa nazo zilipo zambiri m'maudzu, ndiye tikafika kunyumba ndimamufufuza m'makutu ndi m'khwapa, kenako ndimadzifufuza ndekha, chifukwa zina zimapatsira anthu matenda a Lyme.

Tsiku lomwe ana atsatira timapita ku Buttermere, kanyanja kena kuseri kwa mapiri, komwe kuzungulira ndi makilomita 7 okha ndipo njira imalowa m'kamphanga koboola thanthwe, kamdima, kodontha madzi. Kukakhala matope kwambiri timayenda mumsewu wakale wa njanji wochoka ku Keswick kupita ku Threlkeld. Madzi osefukira a mu 2015 anakokolola milatho yake, anaukonza n'kuutsegulanso mu 2020, ndipo pano ndi wosalala moti ngakhale njinga ya olumala imadutsa. Za mvula usafunse. Ndi chiperoni cha ku Thyolo chosadziwa kalendala, ndipo kamudzi ka Seathwaite, kumtunda kwa chigwa cha Borrowdale chija, kamadziwika kuti ndiko kumagwa mvula yambiri pa malo onse okhala anthu mu England.

Chinanso ndakuuzapo kale kuti anthu a kuno sapatsana moni mumsewu. Ukakhala ndi galu zimasintha. Amayamba kulonjera galuyo, kufunsa zaka zake ndi mtundu wake, kenako ndi pomwe amakuona iwe. Mkulu wina woweta nkhosa tinacheza naye pageti nthawi yaitali ataona kuti ndafupikitsa chingwe ndisanalowe m'munda mwake. Anandifunsa ngati kwathu timaweta nkhosa, ndinamuuza kuti zambiri ndi mbuzi, ndipo galu wogwira mbuzi za eni nkhani yake imathera kwa amfumu. Anaseka, akuti bola kwanuko mlandu umatha msanga.

Unanena kuti kagalu kako kaja kakula ndipo kayamba kutsatira ana kudambo. Kodi unakabayitsa katemera wa chiwewe? Kuno agalu alibe matendawa, n'chifukwa chake anthu amagwira galu aliyense mopanda mantha, koma kwathuko usachite nazo chibwana. Alangizi a ziweto akalengeza tsiku la katemera upite nako, ndipo mwana akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu wosamudziwa, mutsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo osadikira kuti muone kaye.

Undiuze mmene mpunga wachitira chaka chino komanso ngati denga la mayi munamaliza. Upereke moni kwa alamu ndi ana, ndi kwa amalume omwe.

Ndine mnzako uja,
wa ku Carlisle