Kalata kwa Bambo Mike Brown, Pulezidenti wa Timu ya Cincinnati Bengals

Olemekezeka Bambo Brown,

Ndine mmodzi wa ochemerera timu yanu ya mpira wa ku America (ligi ya NFL) amene timadzuka pakati pa usiku kuti tione Joe Burrow, quarterback wanu (wosewera amene amatsogolera timu poponya mpira), akuponya mpira, poti masewero a madzulo kwanuko amafika kwathu kuno anthu atagona kale. Ndalemba kudzakupemphani chinthu chimodzi: ikani ndalama ndi mwayi wanu wa draft (mwambo wa chaka ndi chaka wosankha osewera atsopano ochokera ku makoleji) pa anyamata anayi amene amaima kutsogolo kwa otchinga, makamaka awiri apakati aja. Mzere umenewo ukapanda kulimba, Burrow adzakalamba akuswa mbiri za mayadi koma chikho osachigwira.

Nkhani imeneyi si yachilendo kwa inu. Pa 13 February 2022, m'bwalo la SoFi, Los Angeles Rams inakugonjetsani 23-20 mu Super Bowl LVI, masewero omaliza olimbirana chikho. Burrow anagwetsedwa mpira uli m'manja ka 7 usiku umenewo, Aaron Donald kawiri, Von Miller kawiri. Pa mpata womaliza weniweni, pamene munkangofuna yadi imodzi, wowakha mpira wanu Ja'Marr Chase anali atamusiya kale womutchinga Jalen Ramsey ali pansi. Burrow akanapeza kamphindi kena kokha, bwenzi lero tikukamba zina. Donald anaboola pakati, n'kumugwira, n'kumuzunguza, mpira unagwa pansi. Chikho chinapita chifukwa cha munthu mmodzi wa pakati pa mzere.

Chifukwa chake mzerewu umalemera kwambiri mu January n'chosavuta kumvetsa. Otchinga amakhala 11. Ngati anayi akutsogolo akukwanitsa okha kumufikira quarterback, otsala 7 amakhala kumbuyo kutseka njira za mpira. Akalephera, mphunzitsi amakakamizika kutumiza wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi, zimene amati blitz, ndipo kumbuyo kumatsala mabowo. M'kati mwa nyengo mungapulumuke nazo pokumana ndi ma quarterback osakhwima. Koma mu ma playoffs (masewero ochotsana a mu January) a AFC, chigawo cha ligi chimene Bengals ilimo, amene amakudikirani ndi Patrick Mahomes, Josh Allen ndi Lamar Jackson, anthu oti akangoona bowo mpira wadutsa kale.

Onani zimene Philadelphia Eagles inamuchita Mahomes pa 9 February 2025 ku New Orleans. Mu Super Bowl imeneyo Vic Fangio, mphunzitsi wa otchinga a Eagles, sanatumize blitz ngakhale imodzi, koma Mahomes wa Kansas City anagwetsedwa ka 6, ndipo popita kukapuma zinali 24-0. Masewero anatha 40-22, ndipo mapointi ambiri a Kansas City anabwera nkhani itatha kale. Josh Sweat ankachokera m'mbali, Milton Williams ndi Jalen Carter akukankha pakati, mwakuti Mahomes analibe kothawira kapena kolowera. Mzere umenewu sunangochitika mwamwayi. Jordan Davis anamutenga pa nambala 13 mu draft ya 2022, Carter pa nambala 9 mu 2023, ndipo ankasinthanasinthana anthu kuti akutsogolo asatope. New York Giants inachitanso chimodzimodzi mu February 2008 kwa New England Patriots imene inali isanagonjepo nyengo yonse: Tom Brady anagwa ka 5, masewero n'kutha 17-14.

Tsono tiyeni tione kwanu. Mu 2024 Burrow anaposa aliyense m'ligi ndi mayadi 4,918 ndi ma touchdown 43. Chase anatsogola pa mipira yowakha, pa mayadi ndi pa ma touchdown, zonse zitatu. Komabe timu inatha ndi kupambana ka 9 ndi kugonja ka 8, ma playoffs osalowa. Munapeza mapointi 38 ndi Baltimore n'kugonja 41-38. Munapeza 34 n'kugonjanso kwa omwewo 35-34. Pittsburgh inakuthirani 44 inu muli ndi 38, Washington 38 inu muli ndi 33. Zimapweteka kuona timu ikugwira ntchito yotere kutsogolo n'kumatuluka m'bwalo chimanjamanja. Mu 2025 zinabwerezanso pamene New York Jets inapambana 39-38, sabata yotsatira Chicago Bears 47-42.

Wina anganene kuti munali ndi Trey Hendrickson, amene anatsogola ligi yonse mu 2024 ndi ma sack 17.5 (kugwetsa quarterback mpira uli m'manja). N'zoona, ndipo munthuyo anagwira ntchito yoposa malipiro ake. Koma chiwerengero chimenecho chinali pafupifupi theka la ma sack a timu yonse, ndipo apa ndi pamene pali vuto. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Timu yotsutsana imangomuikira anthu awiri, kapena kuthamangira mbali inayo, ndipo ngati pakati palibe wokankha, quarterback amangosuntha phazi kutsogolo, Hendrickson n'kudutsa kumbuyo kwake osamukhudza. D.J. Reader atapita ku Detroit mu 2024, pakati panakhala poyera, ndipo Sam Hubbard anasiya kusewera mu March 2025. Munachotsa ntchito Lou Anarumo, mphunzitsi wa otchinga, nyengo ya 2024 itatha, koma ine sindikhulupirira kuti vuto linali nzeru za mphunzitsi. Anarumo yemweyo ndi amene anamuzimitsa Mahomes ku Arrowhead, bwalo la Kansas City, pa 30 January 2022.

Masewero amenewo ndimafuna muwakumbukire bwino, chifukwa akusonyeza kuti njira mumaidziwa. Munali kumbuyo 21-3. M'chigawo chachiwiri Kansas City inangopeza mapointi 3, ndipo munapambana 27-24 mu nthawi yowonjezera. Anarumo ankatumiza anthu atatu okha nthawi zambiri, 8 n'kubwerera kumbuyo, ndipo zinatheka chifukwa atatuwo ankafika ndithu. B.J. Hill anawakha mpira wa Mahomes, Hubbard anamugwetsa kawiri pafupi ndi mzere womaliza nthawi ikutha. Anthu amenewa munawasonkhanitsa ndinu. Reader munamugula mu 2020, Hendrickson munamutenga kuchokera ku New Orleans mu 2021, ndipo Hill munamupeza posinthanitsa ndi Billy Price ku Giants. Nthawi imeneyo munatsegula thumba, ndipo timu inafika ku Super Bowl koyamba kuchokera nyengo ya 1988.

Sindikunena kuti mzere wakutsogolo umapambana wokha. Tennessee inamugwetsa Burrow ka 9 sabata imodzi masewero a ku Arrowhead asanachitike, koma inagonjabe 19-16 chifukwa Ryan Tannehill anapereka mpira katatu. Mzere wolimba umafunika quarterback wodalirika pambali pake. Ameneyo inu muli naye kale, ndipo ndiye wovuta kumupeza. Chimene chikusowa n'chotheka kugula.

Ndikudziwanso kuti ndalama zili ndi malire. Burrow anasaina madola 275 miliyoni mu 2023, Chase 161 miliyoni ndipo Tee Higgins 115 miliyoni mu March 2025. Sindikutsutsa ngakhale imodzi mwa mapanganowa. Mwayesanso mu draft ndi Myles Murphy mu 2023, Kris Jenkins mu 2024 ndi Shemar Stewart mu 2025, koma Stewart anachoka ku koleji ya Texas A&M ndi ma sack 4.5 okha m'zaka zitatu. Amenewo ndi anyamata odikira kuti akhwime, pamene Burrow, amene wavulala kale bondo ndi mkono, alibe zaka zambiri zodikirira.

Choncho pempho langa ndi ili, Bambo Brown. Auzeni a Duke Tobin, amene amayang'anira zosankha osewera, apeze wosewera wapakati wokhwima kale, woti timu zina zizimuikira anthu awiri, ngakhale zitatanthauza kupereka mwayi wanu woyamba wa draft kapena kukonzanso mapangano a ena kuti ndalama ipezeke. Pambali pake pakhale ena okwanira kusinthana nawo, kuti m'gawo lachinayi la masewero a mu January akutsogolo akhale akadali ndi mpweya.

Ine wanu wochemerera Bengals.