Feteleza apite ku tsinde lodulako, osati ku nthambi yopanda mizu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga amene timachita nazale za maluwa m'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, makamaka amene ayamba kuchulukitsa duwa la chrysanthemum, lomwe linachokera ku China ndipo limafunidwa kwambiri pa maukwati ndi pa maliro.

Duwali timalichulukitsa monga timachitira ndi kholowa wa mbatata: timadula nsonga yanthete yotalika masentimita 5 mpaka 7, n'kuizika mu mchenga wonyowa pamthunzi, ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu mizu imakhala itatuluka. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chizolowezi chothira yuleya m'timachubu nsongazo zikangozikidwa kumene. Nthambi yopanda mizu siingathe kuyamwa chakudya m'dothi, ndipo feteleza wamphamvu ngati yuleya, yemwe ali ndi nayitirojeni wokwana 46 pa 100 aliyense, amangowotcha bala la podula n'kuliwoletsa. Ndinaziona ndi maso anga chaka china pamene bedi lonse linada kumunsi pasanathe sabata, ndipo zimandipweteka kuona ena akutaya ndalama m'njira yomweyo.

Nayitirojeni ndi wofunika ndithu, koma malo ake ndi pa tsinde lomwe timadulako nsonga. Mizu yatsopano imapangidwa ndi chakudya chimene nsongayo inachoka nacho pa tsinde, ndicho nayitirojeni pamodzi ndi shuga amene masamba amapanga pa dzuwa. Tsinde lanjala limakhala ndi masamba achikasu kumunsi, nthambi zake zimakhwima msanga ngati nkhuni, ndipo nsonga zake zimachedwa kuchita mizu, mizuyo n'kukhalanso yochepa. Tsinde lothiridwa feteleza mopyola muyeso, makamaka likakhala pamthunzi kapena m'masiku a mitambo, limatulutsa nsonga zobiriwira mokopa maso koma zamadzimadzi, zofota zikangodulidwa, zowola msanga m'chinyontho ndiponso zokondedwa ndi nsabwe za zomera. Ambiri timanyengeka ndi kubiriwira kumeneku.

Malinga ndi kuona kwanga, ndi bwino kudyetsa tsinde pang'onopang'ono koma kawirikawiri, pogwiritsa ntchito manyowa owola bwino ndi feteleza wa CAN wochepa wosungunula m'madzi, tsindelo lili pamalo ofika dzuwa lokwanira. Nsonga yabwino imathyoka mosavuta ndi zala, osapindika ngati luzi. Feteleza wa m'timachubu adikire kufikira mizu yoyera itaonekera, ndipo poyamba akhale wosungunula kwambiri.

Ndiwonjezerepo kuti duwali limachita maluwa usiku ukatalika, ndipo kuno kwathu usiku sufupika kwenikweni chaka chonse, kotero tsinde limafulumira kuika mphukira za maluwa. Nsonga yotere siipereka mbande yabwino ngakhale mutaidyetsa motani. N'chifukwa chake minda ya ku Uganda ndi Tanzania, imene imatumiza nsonga za duwali ku Netherlands, imayatsa magetsi usiku kuti matsinde apitirize kuphuka masamba okhaokha.

Pempho langa kwa alangizi a zaulimi ndi lakuti, poyendera alimi a chimanga ndi fodya, apatukireko ku nazale zathu adzationetse miyeso yoyenera ya feteleza, chifukwa pa mtengo umene thumba lafika lero, sitingakwanitse kumaphunzira mwa kuwononga mbande.

Mlimi wa maluwa,
Zomba